Mnyanga wa Njobvu Usanduka Mboni

M'mwezi wa June caka ca 2002, anchito a Boma pa doko la Singapore, mzinda wa malonda wa kum'mawa kutsidya kwa nyanja ya India, anatsegula bokosi lalikuru la citsulo, la mtundu uja umene magalimoto akuru amanyamula pa mseu wa ku Chirundu ndi wa ku Nakonde. M'katimo anapezamo minyanga ya njobvu 532, pamodzi ndi tizidutswa ta mnyanga toposa 40,000, tosemedwa kale mozungulira, usinkhu wace ngati cala ca munthu. Tizidutswa totere ndito amapangira zidindo ku Japan, kumene munthu pa kalata ya mtengo wapatali amadinda dzina lace m'malo mwa kulilemba. Katundu yense analemera matani 6 ndi theka. Ciyambire caka ca 1989, pamene maiko anapangana kuleka kugulitsana minyanga, panali pasanagwidwe minyanga yocuruka cotere pa nthawi imodzi.

Njira ya bokosilo inadziwika msanga: linapakidwa ku Malawi, ndipo linakwera combo litadzera ku South Africa. Koma njira ya bokosi si njira ya njobvu. Malawi ndi dziko la njobvu zowerengeka, losakhoza kupereka minyanga yaikuru yocuruka motero. Tsono njobvu zimenezi zinafera kuti? Ambiri anayesa kuti amalonda a mumdima anatola pang'ono pang'ono, ina ku Congo, ina ku Tanzania, ina ku Mozambique, kufikira bokosi linadzala. Zikadatero, palibe dziko limene likadasenza mlandu, pakuti liri lonse likadaloza mnansi wace. Koma ngati yonse inacokera m'dera limodzi, ndiye kuti m'dera limenelo munacitika kupha koopsa, ndipo eni dziko anayenera kufotokoza kumene anali pamene mfuti zinali kulira.

Kale funso lotere silinali lobvuta. M'maiko ambiri a m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi unali mwambo kuti njobvu ikagwa, mnyanga umene wakhudza nthaka ndi wa mfumu mwini dziko, ndipo mlenje atenge wa pamwamba. Mudzi wonse unkadziwa pamene nyama yagwa, cifukwa wonse unkapita kukadya. Makono nyama imaolera m'chire, mnyanga umayenda usiku pansi pa matumba, ndipo mapepala ace amanena za katundu wina. Mboni imene yatsala ndi mnyanga womwewo, ndipo nchito ya akatswiri a sayansi yakhala kuufunsa mafunso awiri: unacokera kuti, ndipo mwini wace anafa liti.

Amuna a pa migodi sadzabvutika kumva njira yoyamba imene inayesedwa. Adziwa kuti mwala ukalowa m'nyumba yopimira miyala, wopimayo akhoza kusiyanitsa wa mgodi wina ndi wa mgodi wina, pakuti mwala uli wonse uli ndi msanganizo wace; wa ku Nkana, mwa citsanzo, uli ndi kobalti pamodzi ndi mkuwa. Njobvu nayo imadya mwala, ngakhale simadziwa. Thanthwe limapfumbutuka ndi kusanduka nthaka, udzu ndi mitengo zimayamwa za m'nthakamo, njobvu imadya udzu ndi masamba, ndipo zina za m'thanthwe lija zimakakhazikika m'mafupa ndi m'mnyanga. Caka ca 1990 Nikolaas van der Merwe ndi anzace ku South Africa anasonyeza kuti popima kaboni, naitrojeni ndi strontium za m'mnyanga, munthu akhoza kuzindikira ngati njobvu inkadya udzu kapena masamba a mitengo, ngati kwao kunali kwa mvula kapena kouma, ndiponso ngati inkayenda pa thanthwe lakale kapena latsopano. Njirayi ili ndi cilema cimodzi coonekeratu: maiko awiri otalikirana akhoza kukhala ndi thanthwe lofanana ndi mvula yofanana. Cifukwa cace inafuna inzace yoithandiza.

Inzaceyo ndiyo ya DNA. Thupi la camoyo ciri conse linamangidwa ndi tizipinda tating'ono-ting'ono tochedwa maselo, tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwace muli ulusi wautali wopota umene usunga malangizo a mapangidwe a thupilo. Ulusi umenewu ndiwo DNA. Mwana amalandira theka kwa amace ndi theka kwa atate wace. Ndico cifukwa cace abale amafanana, koma safanana konse-konse. Pa ulusiwo pali malo ena pamene kacigawo kamodzi kamabwerezedwa kangapo, mwa wina kakhumi, mwa wina kakhumi ndi kanai, ndipo munthu akawerenga malo otere okwanira amapeza cizindikiro ca nyama imodzi yokha, monga cala cija cimene anthu ankadinda pa citupa.

Koma cala cokha sicinena kwao kwa munthu. Cimene cimathandiza ndi makhalidwe a njobvu. Njobvu zazikazi sizicoka pa mbumba yao. Mwana wamkazi amakalamba pamene anabadwira, pakati pa amace, azakhali ndi agogo ace, monga momwe zikhalira m'midzi ya Acewa. Zazimuna ndizo zimacoka zikakula, ngati akamwini, koma nazonso sizipita ku malekezero a dziko. Motero njobvu za m'cigwa cimodzi ndi zapacibale, ndipo kufanana kwa DNA yao kumanka kucepa pamene mtunda unka utalika. Aliyense amene wakhala m'komboni ya pa mgodi adziwa cinthu conga ici. Mlendo akangotsegula pakamwa, anzace amamva kuti uyu ngwa ku Petauke, uyo ngwa ku Kasama, winayo ngwa ku Mongu. Sanganene mudzi wace weni-weni, koma sangamuike Mlozi ku Lundazi. Amakhoza kutero cifukwa anamvapo kale malankhulidwe a anthu a madera onsewo. Akatswiri naonso anayenera kuyamba amva, titero kunena kwace, malankhulidwe a njobvu za Afrika yense.

Amene anatsogolera nchito imeneyi ndi Samuel Wasser wa ku University of Washington, mu mzinda wa Seattle ku America. Kugwira njobvu mazana-mazana ndi kuzitapa mwazi kukadakhala koopsa ndi kodula, cotero anatenga njira ina yonyozeka: ndowe. Cakudya cikamadutsa m'matumbo cimakokolola maselo a m'matumbomo, ndipo maselowo amatsalira kunja kwa ndowe. Alonda a nyama ndi ofufuza m'maiko ambiri anatola ndowe zaziwisi, nalemba malo eni-eni pamene anazipeza, nazitumiza ku Seattle. Caka ca 2004 Wasser ndi anzace anatulutsa mapu oyamba, opangidwa ndi DNA ya njobvu 399 za m'malo 28, atawerenga malo 16 pa ulusi wa njobvu iri yonse. Poyesa mapuwo ndi njobvu zodziwika kwao, theka la izo linalozedwa mosaphonya kuposa makilomita 500, ndiwo pafupi-fupi ulendo wocokera ku Lusaka kufika ku Livingstone. Kwa munthu wofuna ng'ombe yosokera, makilomita 500 ndi kuphonya kwakukuru. Koma kwa munthu amene anali ndi Afrika yense kuti afunemo, ndi ciyambi cabwino. Ndiponso minyanga yambiri ikapimidwa pamodzi, kuphonyako kumacepa, monga momwe mboni khumi zimaposera mboni imodzi.

Panatsala kutulutsa DNA m'mnyanga, ndipo iyi sinali nchito yapafupi. Mnyanga ndi dzino, lolimba ngati mwala, ndipo ukaupera ndi makina wamba, kutentha kumaononga cimene ukufunaco. Anabwereka nzeru kwa akatswiri amene amazindikira mitembo ya anthu ndi mano ao. Amadula kacidutswa ku tsinde la mnyanga, kumene unalowa m'mutu, nakaziziritsa ndi naitrojeni wamadzi, wozizira koposa cisanu ciri conse ca pa dziko lapansi, nakaphwanya kali cizizirire kufikira kasanduka ufa. Ufawo amauviika m'mankhwala osungunula laimu wa m'dzino, ndipo DNA imamasuka.

Yankho la minyanga ya ku Singapore linasindikizidwa caka ca 2007. Minyanga 37 inapereka DNA yokwanira kuwerenga, ndipo inanena mau amodzi. Sinali ya njobvu za m'nkhalango zowirira za ku Congo, koma ya njobvu za m'chire loyera. Ndipo sinali yotoledwa uku ndi uku, koma ya m'lamba lopapatiza la dziko lodutsa kum'mawa ndi kumadzulo, limene pakati pace ndi Zambia. Umboni umenewu unagwirizana ndi zimene ofufuza a Zambia ndi Malawi anapeza ndi njira zao za masiku onse, potsata minyanga yocokera ku cigwa ca Luangwa kunka ku Lilongwe. Akatswiriwo anawerengera kuti minyanga yathunthu pamodzi ndi zidindo zija zikhoza kukhala za njobvu pakati pa 3,000 ndi 6,500.

Apa ndi pamene nkhani imawawa. Caka comweco ca 2002 Zambia inali itapempha cilolezo kwa maiko a m'pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'chire, kuti igulitse minyanga ya m'nkhokwe zace. Ndipo inanena kuti m'zaka khumi zapitazo njobvu zodziwika kuti zinaphedwa mobisa zinali 135 zokha. Msonkhano wa ku Santiago m'dziko la Chile, m'mwezi wa November caka cimeneco, unakana pempholo. Sikuti wolemba nambala 135 ananama dala ai. Mwina anawerenga mitembo imene alonda anaiona. Koma bokosi limodzi lokha linali ndi minyanga yathunthu 532, ndiyo ya njobvu zosacepera 266, osawerengako zidindo. Mtembo umene mlonda sauona sulowa m'buku, ndipo mlonda wopanda galimoto, wopanda nsapato zolimba, saona mitembo yambiri.

Kucokera pamenepo nchitoyo inakula. Pofika caka ca 2015 mapu anali ndi njobvu 1,350 za m'malo 71 m'maiko 29, ndipo akatswiri anapima minyanga ya m'mitolo yaikuru 28 imene inagwidwa pakati pa 1996 ndi 2014. Cimene anapeza cinadabwitsa ambiri. Ngakhale mitoloyo inatulukira pa madoko osiyana-siyana, pafupi-fupi yonse yogwidwa pambuyo pa 2006 inacokera m'madera awiri okha. Loyamba ndi nkhalango ya pamene Gabon, Congo-Brazzaville, Cameroon ndi Central African Republic zimayandikana. Laciwiri ndi chire la Selous kum'mwera kwa Tanzania pamodzi ndi la Niassa kumpoto kwa Mozambique. Ndipo njobvu zitacepa kumeneko, kuphako kunasunthira ca ku Ruaha ndi Rungwa. Kuwerenga njobvu kwa m'ndege kunabvomereza: Tanzania inali ndi njobvu monga 109,000 caka ca 2009, koma pofika 2014 zinatsala monga 43,000. Phindu la kudziwa izi ndi loonekeratu. Ndalama za alonda ndi zocepa, ndipo sizingakwane chire lonse la Afrika. Koma madera awiri angalondedwe.

Cinthu cina cinaoneka mwangozi. Posankha minyanga yoti apime, akatswiri ankayamba aika iwiri-iwiri, wa kumanja ndi wa kumanzere, kuti asataye ndalama kupima njobvu imodzi kawiri. Koma anaona kuti minyanga yambiri inalibe inzace. Poyerekeza DNA ya mitolo yosiyana, anapeza kuti mnyanga wina uli m'bokosi logwidwa ku dziko lina, ndipo mnzace wa njobvu yomweyo ali m'bokosi lina, logwidwa miyezi ingapo pambuyo pace. Mabokosi awiri otere sangakhale a anthu osadziwana. Mwa njira imeneyi, caka ca 2018 anasonyeza magulu atatu akuru a ozembetsa, otumiza katundu wao kucokera ku Mombasa m'Kenya, ku Entebbe m'Uganda, ndi ku Lomé m'Togo. Caka ca 2022 anapitirira, nayamba kufuna acibale: mai m'bokosi ili, mwana wace m'bokosi lija, mlongo wace m'lacitatu. Anapima minyanga 4,320 ya m'mitolo 49, ndipo zinaoneka kuti opha njobvu amabwerera ku mabanja omwewo caka ndi caka. Kwa woweruza ici ndi cinthu cacikuru, pakuti munthu wogwidwa ndi bokosi limodzi amati ndi kuyamba kumene, koma bokosilo likalumikizidwa ndi ena khumi, mau amenewo samvekanso.

Funso laciwiri, lakuti njobvu inafa liti, liri ndi cifukwa cace. Wogwidwa ndi mnyanga kawiri-kawiri amati ndi wakale, wa agogo ace, wa masiku amene malonda anali asanaletsedwe. Yankho linacokera kumene palibe akadaliyembekeza, ndiko ku mabomba a atomu. Itatha nkhondo yaciwiri ya maiko onse, maiko amphamvu anayesa mabomba amenewa m'mlengalenga, makamaka m'zaka za m'ma 1950 kufikira 1963, pamene America, Britain ndi Soviet Union anapangana kuleka. Kuphulikako kunacurukitsa mtundu wina wa kaboni wochedwa kaboni-14, kotero kuti pakati pa zaka za m'ma 1960 unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri mu mpweya wa dziko. Kucokera pamenepo wakhala ukutsika caka ndi caka, ndipo muyeso wa caka ciri conse unalembedwa. Udzu umapuma mpweyawo, njobvu imadya udzu, ndipo mnyanga umasunga muyeso wa caka cimene unamera. Popeza mnyanga umakula kucokera ku tsinde moyo wonse wa njobvu, nsonga ndiyo yakale, ndipo m'kati mwa mphako ya ku tsinde ndimo muli mnyanga wa masiku ace otsiriza. Kupima pamenepo ndiko kudziwa caka ca imfa.

Thure Cerling wa ku University of Utah ndi anzace anapima minyanga 231 ya m'mitolo 14 yogwidwa pakati pa 2002 ndi 2014, ndipo caka ca 2016 ananena kuti yoposa 90 mwa 100 iri yonse inali ya njobvu zimene zinafa pasanathe zaka zitatu minyangayo isanagwidwe. Nthano ya agogo inathera pamenepo. Komatu muyeso womwewo umagwiranso mbala za mtundu wina. M'mtolo umene unagwidwa ku Uganda caka ca 2019 munali minyanga ya njobvu zimene zinafa m'zaka za m'ma 1980, ina ili ndi zilembo za nkhokwe ya Boma la Burundi. Ndiye kuti inatuluka pa citseko cimene cinayenera kukhala cokhoma. Zambia nayo idziwa bvuto limeneli, pakuti caka ca 2012 matani monga atatu a minyanga anasowa m'nkhokwe ya Boma. Koloko ya mabombayi siidzayenda mpaka kale-kale, cifukwa kaboni-14 wa mu mpweya tsopano watsika kufika pafupi ndi pamene anali mabomba asanaphulike.

Mnyanga sumaiwala msanga, ndipo amene anasonyeza ici ndi anthu a pa mgodi. Caka ca 2008 okumba daimondi ku Oranjemund, m'mphepete mwa nyanja ku Namibia, anafukula combo ca Apwitikizi cochedwa Bom Jesus, cimene cinamira caka ca 1533 pa ulendo wa ku India. Cinali ndi zipanda za mkuwa, ndalama za golidi, ndi minyanga yoposa 100. Itakhala pansi zaka pafupi-fupi 500, minyangayo inapimidwa ndi njira ziwiri zija, ya DNA ndi ya cakudya, ndipo inanena kwao: njobvu za m'nkhalango za kumadzulo kwa Afrika, za mbumba 17 zosiyana. Mwa mbumba zimenezo, zinai zokha ndizo zadziwika pakati pa njobvu zamoyo lero.

Pali zimene mboni imeneyi singanene. Imachula dera ndi caka, koma sichula dzina la amene anaombera, kapena la amene analipira. Ndiponso singalankhule ngati sinaitanidwe. Caka ca 2013, pa msonkhano wa ku Bangkok, maiko a m'pangano la CITES anagwirizana kuti mtolo uli wonse wolemera makilogramu 500 kapena kuposa uzipimidwa kuti kwao kudziwike. Koma maiko ena amacedwa zaka asanapereke tizidutswa topima, ndipo ena sapereka konse. Cifukwa cace sicibvuta kuciganizira, pakuti ndi ocepa amene amakondwera kuitana mboni imene ingadzaloze khomo lao.

Mlandu wa ku Singapore womwewo ndi citsanzo. Akuru amati mlandu suola, koma uwu unatsala pang'ono kuola. Pa matani 6 ndi theka, munthu mmodzi ku Singapore, amene anakonza mapepala a katunduyo, analipitsidwa madola 5,000 a dziko limenelo, ndiyo faindi yaikuru imene lamulo la kumeneko linkalola masiku amenewo. Minyangayo inabwezedwa ku Afrika, niisungidwa ku Kenya m'manja mwa Lusaka Agreement Task Force, gulu la apolisi a nyama a maiko angapo, lobadwa ndi pangano limene linasainidwa mu Lusaka caka ca 1994. Pa 20 July 2011, ku Manyani pafupi ndi chire la Tsavo, pafupi-fupi matani asanu a minyangayo anaunjikidwa pamodzi ndi zidindo zija, ndipo Mwai Kibaki, amene anali Pulezidenti wa Kenya pa nthawiyo, anayatsa moto.